Tafunsani Amalume: Kodi bungwe la madotolo limamuthandiza chani dotolo?

Mwezi uno makalata ndi mameseji a pa WhatsApp achuluka pa nkhani imodzi, ya madotolo ndi mabungwe awo. Ena olemba ndi madotolo eni ake, ena ndi makolo awo, ena ndi anthu amene anabwerako kuchipatala mtima uli kuwawa. Ndasankhapo asanu. Maina a anthu ndi a zipatala ndachotsa monga mwa nthawi zonse.

FUNSO: Amalume, ine ndine mzimayi wa ku Matero, nimagulitsa salaula. Mwana wanga mwamuna anasiliza sukulu ya udotolo, tinavutika naye maningi, manje asebenza pachipatala china muno mu Lusaka monga volontiya, kulibe peyi, ya basi nimupasa ndine. Analipira kudala ku HPCZ kuti apeze pepa yosebenzera. Manje anzake amuuza ati joina ZMA, joina RDAZ, konse kufunika ndalama. Nanga si kulipira chinthu chimodzi katatu uku? Mabungwe aya amachita chani kwenikweni? — Mayi wa ku Matero

YANKHO: Amayi, kuphunzitsa dotolo ndi ndalama za salaula si chinthu chapafupi, mwagwira ntchito yaikulu, ndipo zikundiwawa kumva kuti mpaka lero ya basi ikuchokabe m'chitenje chanu. Koma ayi, simukulipira chinthu chimodzi katatu. Izi ndi zinthu zosiyana ndipo anthu ambiri amazisokoneza, ngakhale ena ogwira ntchito kuchipatala konko.

HPCZ, Health Professions Council of Zambia, ndi ya boma. Inabwera ndi lamulo la 2009, kulowa m'malo mwa Medical Council of Zambia yakale ija. Ntchito yake ndi kulemba madotolo m'kaundula, kupereka laisensi chaka ndi chaka, kuyendera zipatala ndi makiliniki, ndi kuzenga milandu dotolo akalakwitsa. Kunena mosabisa HPCZ anaiika kuti iteteze wodwala osati mwana wanu. Tsiku limene adzalakwitse, kapena kunamiziridwa chabe, kalata yomuitana idzachokera komwe amalipira laisensiko. ZMA, Zambia Medical Association, ndi ya madotolo eni, atsogoleri amasankhana okha, ndalama amasonkha okha. Kwathu kum'mawa nkhani ya banja ikafika pabwalo la amfumu munthu sapita yekha, amapita ndi nkhoswe yake, yomulankhulira pagulu ndi kumudzudzula kuseri akakhala kuti walakwadi. HPCZ ndi bwalo, ZMA ndiye nkhoswe.

Zambiri zomwe ZMA imachita sizioneka pa TV. Dotolo mmodzi wa boma sangangodzuka m'mawa nkuitana atolankhani kuti mankhwala atha m'mashelefu, ndi wantchito wa boma ameneyo, malamulo a ntchito yake samulola, ndipo akayesa aliyense akudziwa zomwe zimatsatira. Koma mtsogoleri wa ZMA akapita ku Ndeke House kukaonana ndi a unduna wa zaumoyo, kapena akatulutsa chikalata, walankhulira onse ndipo palibe dotolo wa ku Chadiza kapena ku Shangombo amene alozedwe chala. Bilu yokhudza zaumoyo ikafika ku Manda Hill makomiti a nyumba ya malamulo amaitana mabungwe kuti anene maganizo awo, ndiye pamafunika anthu okhala pansi usiku kuwerenga bilu ija mzere ndi mzere kuona ngati mulibe chinthu chodzapweteka dotolo kapena wodwala mtsogolo, ntchito yotopetsa yopanda woombera m'manja koma kwa ine iyi ndiye ntchito yeniyeni ya bungwe. Pa bajeti chimodzimodzi. Mu 2001 ku Abuja maiko a mu Africa analonjeza kuika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, ife zaka zaposachedwazi takhala tikuperewera pamenepo, ndiye pamafunika pakamwa pokumbutsa boma chaka chilichonse.

Kwa mwana wanu payekha pali zina zogwirika. Laisensi ija saikonzanso ndi ndalama chabe, amafunanso mapointi a CPD osonyeza kuti munthu akupitiriza kuphunzira, ndipo misonkhano ndi maphunziro a bungwe ndi njira imodzi yowapezera. ZMA ili ndi msonkhano waukulu wa chaka ndi chaka komwe madotolo amaonetsana kafukufuku wawo, ilinso ndi magazini yake, Medical Journal of Zambia, momwe dotolo wachinyamata angatulutse pepa yake yoyamba. Ndipo kumeneko nkomwe amakumana ndi akuluakulu, makonsotanti amene mawa adzamulembere kalata yomuchitira umboni akafuna kukaphunzira ukatswiri, kaya digiri ya ukatswiri ya MMed ku UNZA kaya kudzera ku ZACOMS, koleji yophunzitsa madotolo ukatswiri. Mwana wa mayi wogulitsa salaula alibe amalume ku unduna, ndiye malo otere asamawapeputse.

RDAZ, Resident Doctors Association of Zambia, ndiyo ili pafupi kwambiri ndi pomwe iye ali manje. Iyi ndi ya madotolo achinyamata, amene amagona m'mawadi pa kolo, ndiye kuti kudikira kuitanidwa kwa odwala usiku, ndipo nkhani zake ndi malipiro, maalawansi ochedwa, ndi kulembedwa ntchito. Vuto la uvolontiya silinagwe kumwamba amayi. Kuyambira 1966 kwa zaka zambiri sukulu ya udotolo inali imodzi yokha, ya UNZA ku Ridgeway. Lero kuli ya CBU ku Ndola, ya Mulungushi ku Livingstone, Levy Mwanawasa, Apex, Cavendish, kuonjezapo ana obwerera kuchokera ku China ndi ku Russia, koma malo a ntchito m'boma amatseguka pokhapokha a zachuma atavomereza ndalama. Mu 2022 boma linalemba antchito azaumoyo opitirira 11,000, chinali chinthu chachikulu ndithu, koma nambala imeneyo inali ya onse, manesi, azamba, a mu labu ndi ena, madotolo anali gawo chabe ndipo masukulu sanasiye kutulutsa ena. Mu 2025 RDAZ inalengeza kuti madotolo ogwira mwaulere asiye kaye kuyambira mu Juni, ndipo dziko lonse linayamba kukamba nkhani yomwe inu mwakhala mukuisenza nokha kunyumba.

Ngati ndalama zavuta ayambire ku RDAZ, ZMA adzalowe zinthu zikayamba kuyenda, ndipo afunse ngati pali mtengo wotsikirako wa amene sanalembedwe ntchito. Koma mumuuze chinthu ichi, asangolipira nkukhala phee. Azipita kumisonkhano, azivota, azifunsa komwe ndalama zapita. Bungwe lomwe mamembala ake amangolikumbuka tsiku la mavuto limakhala la anthu ochepa okonda mipando, ndipo a ku unduna amadziwa kuwerenga kuti kumbuyo kwa wolankhulayo kuli anthu angati.

FUNSO: Amalume ine nakwiya. Amayi anga tinabapeleka kuchipatala usiku, tinakhala pa benchi mpaka kucha, dotolo pobwera anatikalipira monga ndise bana. Mabungwe ya madotolo yamakamba chabe za ndalama zao, go-slow, go-slow, ise tikufa. Ningakadandaule ku ZMA? Olo azabisana chabe? — Bambo wa ku Kanyama

YANKHO: Achimwene, pepani kwambiri, ndipo ndikhulupirira amayi akupezako bwino. Palibe dotolo amene ali ndi ufulu wokalipira munthu wobwera ndi mayi ake odwala, kaya watopa chotani.

Dandaulo lanu musapite nalo ku ZMA, kulibe mphamvu yolanda munthu laisensi. Yambirani pachipatala pomwepo, kwa mkulu wa wadi kapena ofesi ya medical superintendent, ndipo mulembe kalata osangolankhula pakamwa. Ikani tsiku, nthawi yomwe munafika, nthawi yomwe anakuonani, nambala ya khadi la amayi, mawu omwe ananenedwa, ndi yemwe analipo. Sungani kope. Mukaona kuti akukuzengerezani pitani nayo ku HPCZ, iwo ndiwo ali ndi mphamvu yoitana dotolo ndi kumulanga. Akakhala nesi ndi ku Nursing and Midwifery Council of Zambia.

Manje za go-slow. Ine sindikondwa wodwala akasiyidwa pa benchi, ndipo sindidzakondwa. Koma tiyeni tione bwino zomwe zimachitika. Lamulo la zantchito la dziko lino, Industrial and Labour Relations Act, limaika zipatala m'gulu la ntchito zomwe anthu ake saloledwa kuchita sitiraka, ndiye dotolo akafika poti waika pansi zida amadziwa kuti akuika ntchito yake pachiswe. Chakumayambiriro kwa 2000, nthawi ya a Chiluba, madotolo achinyamata pafupifupi 300 anachotsedwa ntchito atanyanyala, ndipo m'madandaulo awo munali kusowa kwa mankhwala ndi zipangizo m'zipatala, osati malipiro okha. Ena mwa iwo anawoloka malire osabweranso, dziko linaluza anthu omwe linawaphunzitsa ndi misonkho yanu yomwe. Mu 2021 kunali go-slow ina, ankafuna ndalama zawo zomwe zinali m'mbuyo ndi kuti madotolo 500 ongokhala alembedwe, ndipo mtsogoleri wa RDAZ panthawiyo, Dr Brian Sampa, anachotsedwa ntchito. Ku Kenya atsogoleri a yuniyoni ya madotolo anafika polowa m'ndende pa sitiraka ya masiku 100 yomwe inatha mu Malichi 2017.

Taganizani za usiku womwe munakhala pa benchi uja. Nthawi zambiri chomwe chimachitika nchakuti dotolo ndi mmodzi, akuona casualty, akuitanidwa ku wadi, mwina ali ku fiyeta kuchita opaleshoni, pomwe panja pa mpanda pali madotolo omaliza sukulu akungokhala kunyumba. Bungwe likamakuwa kuti lembani madotolo, likukuwira benchi yomweyo. Inu a ku Kanyama mukukumbuka kolera ya 2023 mpaka 2024, Heroes Stadium itasanduka chipatala, masukulu atachedwa kutsegula mpaka Febuluwale, anthu opitirira 700 atamwalira. M'mabwalo muja munalinso achinyamata osalipidwa akuika madiripi usiku ndi usana.

Koma pali pomwe ndikugwirizana nanu. Mabungwewa pakamwa pawo pamatseguka kwambiri pa nkhani ya alawansi kuposa pa nkhani ya mnzawo wamwano, kapena woba. Mu Meyi 2025 America inalengeza kuti idula madola 50 miliyoni a thandizo la pachaka chifukwa cha kubedwa kwa mankhwala aulere omwe ankapezeka akugulitsidwa m'mafamase. Mankhwala sayenda okha kuchoka m'sitolo ya boma. Ine ndikufuna kuona mabungwe a antchito azaumoyo onse ali patsogolo pa nkhani zotere, kudzudzula awo omwe poyera, chifukwa tsiku lomwe adzafune kuti anthu wamba awaimire kumbuyo adzafunika anthu ngati inu, ndipo inu lero mwakwiya.

FUNSO: Amalume, ndine dotolo wamkazi, ndangoyamba kumene ntchito. Wodwala anamwalira ndili pa kolo, anabwera mochedwa ndipo magazi omuika kunalibe. Achibale aika chithunzi changa pa Facebook ati ndinamupha, akuti akandisumira. Sindikugona, ndikalowa mu wadi manja amanjenjemera. Ndine membala wa bungwe koma sindinapiteko kumsonkhano ngakhale umodzi, ndiye ndikuchita manyazi kuwaimbira. Angandithandize? — Dotolo, Lusaka

YANKHO: Mwana wanga, imbani lero lomwe. Manyazi amenewo asiyeni, ndinu membala, ndipo ngakhale atsogoleri omwe mukuwaopawo ambiri anadutsamo mu usiku ngati wanuwo.

Pa Facebook musayankhe kalikonse, ngakhale liwu limodzi, ngakhale kudzera mwa mchemwali wanu. Mukangoyamba kufotokoza kuti wodwala anabwera bwanji ndipo anali ndi matenda anji mwaulula chinsinsi cha wodwala, ndipo pamenepo mwadzipangira mlandu weniweni pomwe mwina panalibe. Jambulani zomwe alembazo musunge, makamaka ngati muli zoopseza, zimenezo ndi za apolisi. Fayilo ya wodwala musaikhudze, osaonjezamo osafufutamo. M'malo mwake khalani pansi mulembe papepa lanu zonse zomwe mukukumbuka mutu ukadali ndi zonse, nthawi yomwe anafika, yomwe munapempha magazi, yemwe anakuyankhani kuti kulibe, nthawi yomwe munaimbira wamkulu wanu ndi zomwe ananena. Konsotanti wanu ndi oyang'anira chipatala adziwe kuchokera kwa inu, asamve kwa ena.

Chomwe bungwe lingachite ndi ichi. Kalata ikabwera kuchokera ku HPCZ kapena kwa loya wa banja musayankhe nokha usiku muli ndi mantha, apezeni akupatseni dotolo wamkulu woti awerenge yankho lanu ndi kukuperekezani, akulozereni loya wodziwa milandu ya zachipatala chifukwa si loya aliyense amaidziwa. Ndipo pali chinthu china chomwe inu panokha simungathe koma iwo angathe, kunena poyera kuti vuto linali kusowa kwa magazi. Dotolo wongoyamba akanena zimenezo zimamveka ngati akudziteteza, bungwe likanena imakhala nkhani yoti unduna uyankhe. Muwafunsenso za inshuwalansi yoteteza dotolo pa milandu, makamaka ngati mumagwirako maganyu ku makiliniki apulaiveti madzulo, achinyamata ambiri amaiganizira mochedwa.

Achibale aja ali pa maliro. Sindikuti achita bwino, ayi, koma kawirikawiri mkwiyo wotere umabwera poti palibe amene anakhala nawo pansi kuwafotokozera zomwe zinachitika. Pemphani akuluakulu a chipatala aitane banjalo, inu musakakumane nawo panokha.

Tsono za kusagona ndi manja onjenjemera, izi ndiye zandikhudza kuposa zonse. Madotolo muli ndi chizolowezi choipa chodzilembera mankhwala ogonetsa nkumapitiriza ntchito ngati palibe kanthu, ena amathera ku mowa. Chonde musatero. Pezani dotolo wina akuoneni ngati wodwala, kapena mlangizi, sikuti mpaka mukagone ku Chainama, chipatala cha matenda a maganizo, ayi, ndi kungolankhula ndi munthu wodziwa. Pemphani masiku opuma. Ndipo a mabungwe ngati mukuwerenga, nambala yoti dotolo wosweka mtima aimbe pakati pa usiku mwachinsinsi ndi yofunika mofanana ndi alawansi ya nyumba.

FUNSO: Mwana wanga wamkazi ndi dotolo ku Texas. Akuti amalipira ku bungwe la madotolo la Texas, osati la America yonse. Zimatheka bwanji chigawo kukhala ndi bungwe lakelake? Kuno tingachite nawo? — Bambo wa ku Chelstone

YANKHO: Bambo, ku America laisensi ya udotolo imaperekedwa ndi chigawo chilichonse pachokha, ndipo malamulo ambiri a zaumoyo amapangidwa m'nyumba ya malamulo ya chigawocho. Ndiye nkhondo zambiri zimamenyedwera komweko. Mabungwe ena a zigawo ndi akale kuposa la dziko lonse, la New Jersey linayamba mu 1766 pomwe American Medical Association inadza mu 1847. Lomwe mwana wanu akunena ndi Texas Medical Association, la mu 1853, likulu lake lili ku Austin komwe kuli nyumba ya malamulo ya Texas. Laisensi yake amatenga kwina, ku Texas Medical Board, mofanana ndi HPCZ kuno.

A Texas Medical Association si yuniyoni, sakambirana malipiro. Mphamvu yawo ili pa kukopa opanga malamulo, nyumba ikamakumana madotolo amavala makoti awo oyera nkupita kukaonana ndi aphungu awo maso ndi maso. Mu 2003 anathandiza kuti pakhale lamulo loti chipepeso cha ululu ndi kuvutika chomwe khoti lingalamule dotolo kulipira chisapitirire madola 250,000. Madotolo anakondwa poti inshuwalansi yawo inatsika, koma oimira odwala mpaka lero amati lamulolo limapondereza munthu wovulazidwa, ndipo ine ndimaona kuti ali ndi mfundo, apa mpomwe zofuna za dotolo ndi za wodwala zinasiyana njira. Mu 2021 anapambana ina yomwe inathandiza onse awiri. Kumeneko kampani ya inshuwalansi imafuna dotolo apemphe kaye chilolezo asanapereke chithandizo china, wodwala nkumadikira, ndiye lamulo latsopano linati dotolo amene mapempho ake amavomerezedwa 90 peresenti asamapemphenso pa chithandizo chimenecho. Kupatula apo amathandiza mamembala ndi uphungu wa malamulo, maphunziro, kayendetsedwe ka kiliniki, ndi kuthandiza mwachinsinsi madotolo omwe agwa m'mowa kapena m'matenda a maganizo.

Kuno malamulo onse amachokera pa Manda Hill pamodzi, ndiye bungwe la Eastern Province palokha lingakalankhule ndi ndani? Chofunika ndi nthambi zamoyo m'zigawo kuti dotolo wa ku Lundazi amveke ngati wa kuchipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka. Koma nkhani ya inshuwalansi ija tiitengere phunziro. Chibwerere NHIMA, bungwe la boma la inshuwalansi ya zaumoyo, ndi lamulo la 2018, funso la yemwe amalipira, zingati, ndipo liti, lafika kale pakati pa dotolo ndi wodwala, ndipo mabungwe athu akufunika anthu odziwa masamu a zimenezi osati odziwa kulankhula pa wailesi okha.

FUNSO: Ndine nesi, mwamuna wanga ni clinical officer. Tingajoine ZMA? — Mayi wa ku Chilenje

YANKHO: Amayi, ZMA ndi ya madotolo, koma nonse muli ndi kwanu. Inu kuli ZUNO, Zambia Union of Nurses Organisation, ndipo iyo ndi yuniyoni yeniyeni yomwe imakhala pa tebulo lokambirana malipiro ndi boma. Abambo laisensi amatenga ku HPCZ ngati madotolo koma ma clinical officer ali ndi bungwe lawolawo. Funsani woimira yuniyoni pachipatala chanu akupatseni fomu, ndipo muyang'ane pa peyisilipi, mwina akukudulani kale ndalama ya yuniyoni ina yomwe munasainira tsiku loyamba ntchito.